Part time ya masamu ya kuseli kwa Nsungwi: ma square root a zilembo aja tsopano akumveka

Amayi anzanga akutchalitchi akhala akundifunsafunsa za part time ya masamu yomwe mwana wa achemwali anga amapitako, ndiye ndati bola ndingolemba zonse kamodzi. Mtsikanayu ndikukhala naye ine kuno ku Area 25, ali Fomu 3, ndipo teremu yathayi masamu anabwera nawo ndi malikisi oti sindingawatchule pagulu. Maphunziro ena onse ali bhobho koma masamu eee. Titakhala pansi kuona pepala lake ndinapeza kuti pomwe panamugwetsa kwambiri ndi pa ma surds, ma square root aja omwe yankho lake silituluka ndendende ngati √50, makamaka square root ikakhala ndi zilembo mkati, zija za √(50x³). Ikakhala nambala yokha ankayesako, √50 ankadziwa kuti ndi 5√2, koma x akangolowa basi mutu unkaima.

Malo ake ndi kuseli kwa msika wa Nsungwi, mu garaja ya nyumba inayake, mabenchi angapo ndi bolodi la choko basi. A Sir ake ndi bambo achikulire ndithu, anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Amaphunzitsa Lachiwiri ndi Lachinayi ana akaweruka, komanso Loweruka mmawa. Ndimalipira K20,000 pamwezi, amalandira pa Mpamba kapena Airtel Money, ndipo ukachedwa ndi sabata samuthamangitsa mwana, amangokuimbira mwaulemu.

Ine ndalama zavuta izi sindingamangopereka osaona, ndiye Loweruka lina ndinapita nawo nkukhala kumbuyo, mtsikanayo ali "anti mukundichititsa manyazi" kkkk. A Sir anangoti "mayi khalani, koma mufunsidwa nawo." Ndipo anandifunsadi.

Kaphunzitsidwe kawo ka zilembozi ndi kamene kanandigwira mtima. Iwo amati chizindikiro cha square root chija ndi denga la nyumba, ndipo mnyumbamo palibe amatuluka yekha. Amatuluka awiriawiri, ndipo akafika panja awiriwo amasanduka mmodzi ngati aku ukwati. Wopanda mnzake amatsala momwemo. Analemba √(50x³) nkuwauza ana kuti aphwanye chilichonse, 50 akhale 5×5×2, x³ akhale x×x×x. Ma 5 alipo awiri, atuluka ngati 5 mmodzi. Ma x awiri atuluka ngati x mmodzi. Watsala 2 ndi x wachitatu uja, mbeta zimenezo, zikhale mnyumba. Yankho 5x√(2x). Ana anaseka za mbetazo koma ndinaona kuti zalowa, chifukwa atapatsidwa √(72a⁴b³) ambiri anapeza okha 6a²b√(2b) osafunsa. Kenako ndi pomwe anawaonetsa njira yachidule, yoti sungamalembe x kakhumi, umangogawa power, kanambala kakang'ono ka pamwamba pa chilembo kaja, ndi 2, yomwe yatuluka ipite panja, yotsala ikhale mkati. Ndinakonda kuti anayamba ndi njira yaitali kaye. Ifeyo nthawi yathu tinkangopatsidwa lamulo nkuloweza ngati vesi, mayeso akadutsa nkuiwala.

Kenako anatchera msampha. Analemba √(x⁹) nkufunsa kuti yankho ndi chani, pafupifupi kalasi yonse inakuwa kuti x³, ndipo ine kumbuyo kuja mumtima ndinali nditavomera kale kuti eya, si 9 square root yake ndi 3. A Sir sananene kuti mwalakwa ayi. Anangoti tiyeni tiike 4 pamalo pa x. 4 kuchulukitsa kasanu nkanayi ndi 262,144, ndipo square root yake ndi 512. Nanga x³ yanu ija? 64. Kalasi yonse zii. Ndiye anati tiwerenge awiriawiri, pa ma x 9 pakutuluka mabanja anayi kutsala mmodzi, x⁴√x, ukaika 4 ndi 256 kuchulukitsa ndi 2, ndi 512 yemwe uja. Vuto ndi loti ana amatenga square root ya power, pomwe power imafunika kugawidwa pakati. N'chimodzimodzi √(x¹⁶), ambiri amalemba x⁴ pomwe ndi x⁸.

Apa ndi pamene ndinaona kuti K20,000 yanga sikupita pachabe. Bambowa chomwe amakhomerera mwa ana ndi chizolowezi choti ukapeza yankho usadikire a Sir akuuze kuti wakhoza, ika nambala uone wekha. Anachitanso chimodzimodzi ndi √(x²+9), yomwe ana amakonda kulemba kuti x+3. Ika 4, 16 kuphatikiza 9 ndi 25, root yake ndi 5, pomwe x+3 ikukupatsa 7. Anati awiriawiri aja amatuluka pokhapokha mnyumbamo zinthu zikuchulukitsana, pakakhala plus kapena minus chitseko chatsekedwa. Mtsikana wanga ndi m'modzi wa omwe ankalakwitsa zimenezi, papepala lija anataya malikisi pomwepa.

Chinanso chomwe sindinkayembekezera, mnyamata wina wa kutsogolo anafunsa kuti √(x²) si x basi? A Sir anati ika −3. Square yake ndi 9, root ya 9 ndi 3, osati −3. Ndiye yankho lenileni ndi x wa m'timizere tiwiri, |x|, kutanthauza kuti minus yachotsedwa. Anafotokozanso kuti pa √(50x³) timizereto sitifunika chifukwa x wa minus sangalowe nkomwe mnyumbamo, mkati mungakhale negative, ndipo pa √(a⁴) sitifunikanso poti a² sakhala wa minus. Koma apa ndinene chilungamo, anathamanga. Anangoti mafunso ambiri amakuuzani kale kuti zilembo ndi za positive ndiye musade nkhawa, nkupitirira. Ana a kutsogolo anamva, a kumbuyo kwathu kuno ndinaona nkhope zili mbuu. Pofika kunyumba mtsikanayo anali akuika timizere paliponse ngati mpanda, mpaka ndinachita kumuuza kuti Lachiwiri akafunsenso.

Za calculator amaletsa pa topic imeneyi, ndipo poyamba ndinkaona ngati ndi ukalamba chabe. Koma taganizani, yathu ndi Casio fx-82MS ija yotchuka, ukaika √50 imakupatsa 7.07 ndi manambala ena ambirimbiri kutsogoloko, pomwe funso likufuna 5√2. Za mtundu wa fx-991ES PLUS zimaonetsadi 5√2, koma nazonso sizingakuphwanyire √(50x³) kuti zikupatse 5x√(2x). Ndiye iwo amati calculator ntchito yake ndi yotsimikizira pamapeto, ukamaika nambala ija, osati yoganizira. Amawauzanso kuloweza ma perfect square, manambala omwe amabwera ukachulukitsa nambala ndi iyo yomwe, kuyambira 1 mpaka 225, kuti ukaona 72 maso aone 36 msanga, ukaona 98 aone 49. Amene anayamba ndi 72 ngati 4×18 nkuima pa 2√18 amamubweza kuti sunamalize, mu 18 mo mukadali 9.

Zodandaula zilipo, sindibisa. Ana achuluka, tsiku lomwe ndinapitalo benchi ya anthu anayi inali ndi asanu ndi mmodzi, ndipo garaja ya malata dzuwa likakwera mumatentha koopsa. Akuphatikiza a Fomu 3 ndi a Fomu 4 omwe akukonzekera MSCE, ndiye nthawi zina amatengeka ndi a Fomu 4 aja nkuyamba ma past paper a MANEB, aang'ono nkumangoyang'ana. Makope amachonga koma amachedwa nawo, lathu linakhalako masabata awiri. Magetsi akathima madzulo kalasi imatha msanga ndipo nthawiyo sabweza. Chimbudzi ndi cha eni nyumba, atsikana amachita manyazi kupempha kiyi. Ndipo ngati mwana wanu ndi wamanyazi kwambiri dziwani kuti bambowa amaitana aliyense kubolodi, sasankha, ngakhale sanyoza mwana akalakwa.

Ngati mwana wanu masamu amawatha kale ndipo mukufuna azithamanga kutsogolo, apa atopa, chifukwa a Sir amabwereza chinthu mpaka ambiri amve. Koma ngati ali ngati wangayu, woti akaona chilembo pansi pa denga lija mtima umagunda, mpititseni, ndipo muyambe akadali Fomu 3 osadikira mayeso ayandikire. Ine pa 5 ndingawapatse 4, imodziyo ndachotsa chifukwa cha kudzaza ndi makope ochedwa aja.

Dzulo ndikuphika ndinamuona pa tebulo akulimbana ndi √(18x) + √(8x). Anaphwanya yoyamba kukhala 3√(2x), yachiwiri 2√(2x), nkulemba 5√(2x). Ndinamufunsa kuti ukudziwa bwanji kuti wakhoza, iye osandiyang'ana nkomwe ali "anti dikirani kaye." Anaika 2, root ya 36 ndi 6, root ya 16 ndi 4, pamodzi 10, mbali inayo 5 kuchulukitsa ndi root ya 4, 10 yemweyo. Anatseka kope nkundifunsa ngati ndiwo zapsa.