ThinkPad T430 yanga patatha zaka 7: yakalamba, koma ikundidyetsabe

Laputopu iyi ndinaigula itagwiritsidwapo kale ntchito kunja. Mtundu wa T430 unatuluka mu 2012, ndiye pofika m'manja mwanga inali itakhwima kale. Ndimalembera anthu makalata, ma CV ndi malipoti, choncho imayaka m'mawa mpaka madzulo. Ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Chimene ndaona n'chakuti kompyuta sikalamba thupi lonse nthawi imodzi. Imayamba chiwalo chimodzi. Kwa ine linayamba ndi batire. Poyamba magetsi akathima ndinkapitiriza ntchito maola angapo, kenako ndinkangotsala ndi mphindi zosungira fayilo basi. Ubwino wake, batire la T430 lili kunja. Mumangokankha kaloko, n'kulisolola, n'kulowetsa lina.

Mwezi wina wa Okutobala, kukutentha, fani inayamba kulira ngati chigayo, ndipo laputopu inkazima yokha ntchito ili mkati. Mnyamata wokonza makompyuta anaitsegula ine ndili pomwepo. Potulukira mpweya panali fumbi louundana ngati thonje, ndipo kaphala kamene amapaka pa purosesa kuti kutentha kuzichoka kanali katauma n'kung'ambika ngati dothi la m'dambo m'chilimwe. Anapukuta, n'kupaka katsopano. Phokoso linathera pomwepo.

Chimene chinandiopsa kwambiri ndi hard disk, chipangizo chosungira mafayilo onse. Ndinayamba kumva kugogoda kwapansipansi, tiki, tiki, mafayilo n'kumachedwa kutseguka. Mkati mwa hard disk muli timbale tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndipo chinthu chozungulira chonchi zaka zambiri chimaperepeseka ndithu. Usiku womwewo ndinakopera ntchito zonse za makasitomala anga, mtima uli m'mwamba. Mukamva kugogoda kumeneku, chonde musadikire mawa. Nditaika SSD, chosungira mafayilo chamakono chomwe chilibe kanthu kozungulira, laputopu inayamba kuyaka ndisanamalize kuthira shuga m'tiyi.

Kenako tsiku ndi nthawi zinayamba kubwerera m'mbuyo ndikaizimitsa, masamba ena a pa intaneti n'kumakana kutseguka. Vuto linali kabatire kakang'ono kamkati, kofanana ndi ndalama yachitsulo. Kameneko n'kotchipa.

Kiyibodi ikadali bwino, ngakhale zilembo A ndi E zayamba kunyezimira chifukwa cha zala. Mahinji sanagwederepo.

Nyenyezi imodzi ndachotsayo ndi ya ukalamba umene sikuludiraiva singakonze. Microsoft inamaliza kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo purosesa ya Intel ya m'badwo wachitatu imene ili mu T430 siili m'gulu la ovomerezeka pa Windows 11. Ndimasunga zikalata za anthu, sindingakhale pa intaneti chitetezo chili choperewera. Ngati mukufuna kugula T430 lero, dziwani zimenezi musanapereke ndalama. Ine ndayamba kuyesa Linux Mint, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, kuchokera pa flash, ndipo pulintala yanga yagwira nayo ntchito tsiku loyamba lomwe.