Suzuki Jimny: imakwera paliponse, koma musaisenzetse ngati ngolo

Jimny ya zitseko zitatu yomwe inatuluka mu 2018, ija amaitchula JB74, ili ndi injini ya petulo ya malita 1.5 yotchedwa K15B. Mphamvu yake ndi 75 kW ikamazungulira pa 6,000 rpm, ndipo mphamvu yokokera ndi 130 Nm pa 4,000 rpm. Manambalawa ndi a galimoto yaing'ono ya m'tauni. Chomwe chimaipangitsa kudutsa m'matope momwe zigalimoto zikuluzikulu zimatitimira ndi kupepuka kwake, chasisi yolimba yachitsulo, ma ekiselo osapindika kutsogolo ndi kumbuyo, giya ya 4L (yokoka ndi matayala onse anayi, mwamphamvu koma pang'onopang'ono), komanso mpata wa mamilimita 210 pansi pake. Pa zonsezi, chimene eni ake amafulumira kuwononga ndi kupepukako.

Tiyambe ndi sikelo. Galimotoyi ikakhala yopanda kanthu imalemera pafupifupi makilogalamu 1,100, ndipo Suzuki imalola kuti ikadzaza isapitirire 1,435. Ndiye kuti anthu, katundu ndi chitsulo chilichonse chomwe mwamangirirapo ziyenera kukwana m'makilogalamu pafupifupi 340. Akakwera akuluakulu anayi a makilogalamu 75 aliyense, 300 yapita kale. Chotsalacho sichikwana ngakhale thumba limodzi la chimanga. Mukaika bampala yachitsulo kutsogolo ndi winchi, zinthu ziwirizo zimadya makilogalamu 60 kapena kuposerapo, ndipo zimakhala kutsogolo kwa matayala, komwe zimapanikiza masipuling'i akutsogolo kuposa kulemera kwake kwenikweni. Chigubu cha madzi cha malita 20 ndi makilogalamu 20. Padenga ndiye pali msampha: buku la galimotoyi limalola makilogalamu 30 okha, kaliyala akuwerengedwa momwemo. Tenti ya padenga yokha imadutsa malire amenewo musanaikemo bulangete. Galimoto yopapatiza, yaitali kupita m'mwamba, yokhala ndi mamilimita 2,250 okha pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, ikasenza katundu pamutu imapendekera pakona moti mwini wake amagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, mtima uli m'mwamba.

Injiniyo payokha tilibe nayo mlandu. Ndi yosavuta kukonza, imayendera tcheni osati lamba, ndipo ilibe tebo yoti izikuvutitsani. Koma imafuna kuizungulitsa. Mukaiyendetsa ngati dizilo, kuisiya pa 2,000 rpm pachikweza, imangolira osapita. Pa liwiro la 100, ya magiya asanu apamanja imakhala itadutsa kale 3,000 rpm, phokoso lili tho m'kati, ndipo kupitirira thiraki kumafuna kubwerera ku giya yachinayi kapena yachitatu komanso msewu wautali woonekera. Ya otomatiki ili ndi magiya anayi okha, ndipo ikalemedwa imangosinthasintha pakati pa yachitatu ndi yachinayi.

Kukwera kwa malo nako kumaba mphamvu. Injini yopanda tebo imataya pafupifupi 1 peresenti pa mamita 100 alionse omwe mwakwera, chifukwa mpweya umapepuka. Ku Lilongwe, komwe ndi mamita opitirira pang'ono 1,000, gawo limodzi mwa magawo khumi lapita kale. Pamwamba pa Nyika, kupitirira mamita 2,000, 75 kW ija imatsika kufika cha m'ma 60. Apa ndi pomwe tima Jimny tija ta injini ya 660cc tochokera ku Japan, JB23 ndi JB64, timadabwitsa anthu: mphamvu yake ndi 47 kW basi, koma tebo imabwezeretsa mpweya wina, ndiye sitifooka kwambiri m'mapiri. Vuto lake n'lakuti tebo isanadzuke kainjiniko kamakhala kopanda mphamvu, ndipo woyendetsa amathera pa klatchi. Fungo la klatchi yopserera pachikweza ndi chizindikiro choti mukanaima n'kulowetsa 4L, yomwe pa JB74 yamagiya apamanja imachulukitsa kawiri mphamvu yofika kumatayala. Pamsewu wa tala wouma musayende mu 4H (yokoka ndi matayala onse anayi pa liwiro wamba) kapena 4L, chifukwa galimotoyi ilibe difu yapakati, yolola matayala akutsogolo ndi akumbuyo kuzungulira pa liwiro losiyana, ndipo mashafiti amamangana pokhota.

Matayala akuluakulu ndiwo amapha injini mwakachetechete. Ochokera nawo kufakitale ndi 195/80 R15, omwe kutalika kwake ndi mamilimita 693. A 215/75 R15 ndi pafupifupi 704, kusiyana kochepa komwe galimoto imakulandira bwino. Koma ambiri amathamangira 235/75 R15 poti amaoneka bwino, ndipo amenewo ndi pafupifupi 734, kukula ndi 6 peresenti. Mphamvu yofika pansi imatsika ndi 6 peresenti yomweyo m'giya iliyonse, mita imaonetsa liwiro lochepa kuposa lenileni, petulo wa m'thanki ya malita 40 amatha msanga, ndipo mabuleki amavutika kuimitsa tayala lalikulu ndi lolemera.

Mabuleki ndiye mbali yomwe tikuona kuti Suzuki inayeza ndendende, osasiya chapadera. Kutsogolo kuli madisiki opanda mipata ya mpweya pakati, kumbuyo madiramu. Galimoto ikakhala yopepuka amagwira bwino. Ikadzaza, nkhani imasintha pamtsetse wautali ngati wotsikira ku Golomoti kuchokera ku Dedza, wa ku Chiweta, kapena wotsikira ku Chikwawa. Mabuleki amaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha, ndipo kutenthako kumakula ndi kulemera, koma kumakula kwambiri ndi liwiro: kuima kuchokera pa 100 kumatulutsa kutentha koposa kwa pa 80 ndi theka lina pamwamba. Disiki yopyapyala ilibe kosunga moto wonsewo.

Kulephera kwake kumabwera m'njira ziwiri ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa. Phazi likamamva kuti buleki ndi yolimba koma galimoto sikuima, kwinaku kukumveka fungo lopserera, ndiye kuti mapadi atentha mopitirira. Buleki ikafewa n'kumira mpaka pansi, ndiye kuti buleki fuluwidi yawira. Fuluwidi imayamwa chinyezi m'kupita kwa nthawi. Ya mtundu wa DOT 4 yatsopano siwira isanafike madigiri 230, koma ikamwa madzi malirewo amatsika kufika cha pa 155. N'chifukwa chake iyenera kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse, ndipo galimoto yongofika kumene kuchokera ku Dar es Salaam isinthidwe musanapite nayo kumapiri, posatengera zomwe mita ikunena. Potsika, lowetsani giya yachiwiri kapena yachitatu mtsetse usanayambe, pondani buleki mwamphamvu kwa kanthawi n'kusiya kuti izizire, osaigoneka phazi njira yonse. Zija zoika fulii pofuna kupulumutsa petulo zapha anthu ambiri pamitsetse. Pamsewu wamiyala wa Gorodi wotsika kuchokera ku Livingstonia, womwe uli ndi makona pafupifupi 20, giya yoyamba kapena yachiwiri mu 4L imagwira galimoto yokha. Batani lothandiza potsika liliponso, koma dziwani kuti limagwiritsa ntchito mabuleki omwewo.

Madiramu akumbuyo amadana ndi matope. Madzi amchenga akalowa amauma m'katimo n'kumadya mashuzi ngati sandipepa, ndipo handibuleki imayamba kukwera kwambiri isanagwire. Dzinja likatha, makaniko atsegule madiramu onse awiri, atsuke, ndipo aone ngati oyilo wa mu ekiselo sakudontheramo, chifukwa shuzi yonyowa ndi oyilo siyitsukika, imafuna yatsopano mbali zonse ziwiri. Mukakweza galimoto ndi masipuling'i ataliatali kupitirira mamilimita 50, mapaipi a labala a mabuleki amakokeka ekiselo ikalendewera, choncho ayenera kusinthidwa ndi otalikirapo. Masipuling'i olimba amachotsa kugwada kwa galimoto, koma sawonjezera ngakhale kilogalamu imodzi pa zomwe mabuleki ndi ma ekiselo angapirire.

Chinanso chomwe bampala yolemera ndi matayala akuluakulu zimafulumizitsa ndi kunjenjemera kwa chiwongolero pa liwiro la pakati pa 70 ndi 90, makamaka mukagunda bampu. Nthawi zambiri gwero lake ndi maberingi a kingpin, pomwe matayala akutsogolo amakhotera, omwe alowa madzi n'kuchita dzimbiri, matayala osabalansa, kapena mabushi otha. Kuika damper yatsopano, chida choletsa kugwedezeka, pachiwongolero kumangobisa matendawo.

Kwa anthu awiri, katundu wochepa woikidwa pansi mipando yakumbuyo itapindidwa, ndi matayala a 215/75 R15, palibe galimoto ina yaing'ono yomwe tingaiike patsogolo pa Jimny pamisewu yakumudzi m'nyengo yamvula. Mukamakoka ngolo yopanda mabuleki ake, isapitirire makilogalamu 350. Banja la anthu anayi liyang'ane ya zitseko zisanu yopangidwa ku India kuyambira 2023, yomwe ili ndi madisiki a mipata ya mpweya kutsogolo ndipo imaloledwa kufika makilogalamu 1,545. Koma nayo yokha ndi yolemererapo ndi pafupifupi makilogalamu 100, injini ndi K15B yomweyo, ndiye malo okhala awonjezeka koma katundu wololedwa sanasinthe kwenikweni.