Patha chaka ndi miyezi iwiri chilandirireni setifiketi ya life coach

Nditangolandira setifiketi yanga ya ACC, ya ntchito ya life coach (wothandiza anthu kupeza njira yokwaniritsira zolinga zawo), ndinkauza aliyense kuti ndalama zanga zapita pabwino. Panopa chisangalalo chija chazirala, ndipo kwa inu amene mumandifunsa za mtengo wake ndikhoza kuyankha mofatsa.

ACC ndi gawo loyamba la masetifiketi a International Coaching Federation, bungwe lomwe Thomas Leonard anayambitsa ku America mu 1995. Kuti akupatseni, pamafunika maola 60 a maphunziro, maola 10 a kuunikiridwa ndi coach wodziwa kale ntchito kwa miyezi yosachepera itatu, maola 100 ogwira ntchito ndi anthu enieni, kenako mayeso. Ine ndinkawerengera fizi ya maola 60 aja basi, ndipo mpamene ndinaphonya.

Sukulu yanga inali ya pa intaneti, ndipo ndinkalipira madola 300 pamwezi. Ndikuyamba, ndalamayi inali pafupifupi K354,000. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, dola ku banki inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo madola 300 omwewo anasanduka K510,000 ndili pakati pa maphunziro. Kuwapeza kumene madolawo inalinso ntchito payokha. Kawiri konse m'bale wanga wa ku Johannesburg ndiye anandilipirira, ine n'kumabweza kwa makolo ake kuno. Onjezerani mabandulo a Zoom maola awiri sabata iliyonse, ndi masiku amene magetsi athima n'kuthamangira kwa anzanga a sola.

Koma chimene chinandidyera kwambiri ndi maola 100 aja. Mwa amenewo, 75 ayenera kukhala olipidwa, ndipo anthu ake asachepere 8. Kwathu kuno malangizo sagulitsidwa. Munthu zikamuvuta amapita kwa ankhoswe, kwa abusa kapena kwa azakhali, ndipo amabwerako atauzidwa chochita osatulutsa tambala. Tsono ine ndikumuuza kuti andilipire, komanso kuti sindimuuza chochita koma ndizimufunsa mafunso mpaka yankho alipeze yekha. Ambiri ankangoti, "Tikuyimbirani." Sindiwadandaula, chifukwa ntchitoyi ndi yachilendo ndithu. Chinandithandiza n'chakuti bungweli limawerengera ngakhale malipiro ochepa kapena kusinthana ntchito. Mayi wina wosoka zovala anandisokera madiresi awiri posinthana ndi maola asanu ndi limodzi, ndipo lero ali ndi shopu yakeyake. Nkhani yake imandilimbitsa mtima mpaka pano. Komabe maolawa ananditengera miyezi khumi, nthawi imene ndikanapanga ndalama ndi zina.

China chimene chimandiwawabe: wondiyesa sankamva Chichewa, choncho kukambirana komwe ndinajambula kuti akaunike kunali kwa m'Chingerezi. Pamene ine ntchito ndimaigwira bwino m'Chichewa, munthu akamasuka n'kuyamba kunena zakukhosi.

Nanga ndalamazo zabwerera? Theka lokha. Pa anthu amene amabwera paokha, palibe ndi mmodzi yemwe anandifunsapo setifiketi. Amabwera chifukwa mnzawo wawauza. Kumene pepalali lagwira ntchito ndi ku mabungwe ndi makampani. Bungwe lina linandipatsa mamanijala anayi kwa miyezi itatu, ndipo setifiketi yodziwika inali pa mndandanda wa zofunika. Ntchito imodziyo inaposa zonse zimene ndinapeza kwa anthu wamba chaka chonse.

Maphunziro enieniwo sindinong'oneza nawo bondo. Ndinaphunzira kukhala chete munthu akamaganiza, osathamangira kumumalizira mawu, ndipo ngakhale ana anga aona kusintha. Maola 10 a kuunikiridwa aja ndiwo anali okoma koposa, pakuti munthu amamvetsera mmene mukugwirira ntchito n'kukuuzani mosabisa pamene mwayamba kulalikira.

Ngati anthu anu adzakhala achinyamata a kutchalitchi kapena amayi a m'banki m'khonde, yambani mwawathandiza kaye, muone ngati alipo wolipira musanatulutse dola. Ngati mukulinga ku mabungwe, setifiketi ndi yofunika, koma sankhani pulogalamu ya maphunziro yotchedwa Level 1, yomwe imaphatikiza kale maola a kuunikiridwa ndi kuunika kukambirana kojambulidwa kuja mu fizi imodzi. Dziwaninso kuti ACC imatha mphamvu pakatha zaka zitatu, ndipo pokonzanso pamafunika maola 40 a maphunziro owonjezera ndi fizi ina ya madola. Yanga yatsala ndi chaka ndi miyezi khumi, ndipo ndayamba kale kupatula kangachepe mwezi ndi mwezi.