Fizi ya ana: chipereganyu, banki m'khonde, SACCO kapena katapila?

Chaka cha sukulu chili ndi materemu atatu, ndipo amatsegulira mu Seputembala, mu Januwale, ndi cha mu Epulo kapena Meyi. Mwa atatuwa, wa Seputembala ndiye amaluma. Mwana akalowa kalasi yatsopano pamafunika yunifolomu, nsapato, makope ndi chikwama, ndipo ngati wasankhidwira kusekondale yogonera konko onjezanipo matiresi, ndowa, sutikesi, shuga, sopo ndi thiransipoti. Pulayimale ya boma ndi yaulere kuyambira 1994, koma ulerewo sugula nsapato, ndipo makolo ambiri a ku Area 25, Kawale kapena Chinsapo amathawa kuthithikana kwa m'makalasi n'kutumiza ana kupulayiveti. Choncho posankha njira yopezera fizi, muziyang'ana zinthu ziwiri: ikudyerani zingati, komanso ndalamayo ifika m'manja mwanu mwezi uti.

Kuti masamu aoneke bwino, tiyerekeze kuti fizi ndi K300,000 pa teremu. Pa chaka ndi K900,000, kutanthauza K75,000 mwezi uliwonse. Nambala ya pamweziyi ndi imene muyenera kuyisunga m'mutu.

Chipereganyu chilibe chiwongoladzanja, ndiye ubwino wake waukulu. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kukhala anthu khumi kapena khumi ndi awiri, aliyense n'kumalandira kamodzi pa chaka. Fizi imabwera katatu. Gulu loyenera fizi ndi la anthu anayi, aliyense kusonkha K75,000 pa mwezi: pakatha miyezi inayi aliyense walandira K300,000, ndipo mzere ukuyambiranso limodzi ndi teremu. Gulu lalifupi limakutetezaninso ku kugwa kwa kwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo amene anali kumapeto kwa mzere wautali analandira nambala yomweyo koma yogula zochepa.

Vuto lake ndi loti makolo anayi onse adzafuna Ogasiti. Pezani anzanu amene zosowa zawo zimagwa miyezi ina, monga wogula feteleza mu Okutobala kapena wa geni amene amapikula katundu wa Khirisimasi. Mukalandira nthawi isanakwane, musasunge ndalamayo m'nyumba, maliro ndi alendo adzayipeza. Kalipireni ku akaunti ya sukulu tsiku lomwelo, silipi muyijambule pafoni chifukwa inki yake imafufutika. Ndipo munthu amene simukudziwa kumene amagona asakhale woyamba kulandira.

Banki m'khonde ndi zinthu ziwiri zosiyana, kutengera mbali imene mwaima. Kwa wosunga ndi yabwino: mumagula masheya chaka chonse, pogawana mumatenga ndi phindu. Kwa wokongola fizi ndi yowawa. Magulu ambiri amaika 20 peresenti pa mwezi. Mukatenga K300,000 n'kumangokwanitsa chiwongoladzanja chokha, ndi K60,000 mwezi uliwonse. Miyezi itatu mwapereka K180,000, ngongole ili chiimire, teremu ina yafika. Chiwongoladzanja chimenechi chinapangidwira munthu wa geni amene ndalama yake imazungulira sabata iliyonse. Fizi sibereka.

Pali zinanso zoti mufunse musanalowe. Magulu ena amakakamiza membala aliyense kukongola kuti phindu lichuluke, ndiye mumapezeka mwatenga ndalama imene simunaifune. Funsaninso kumene ndalama imagona. Ngati ili m'bokosi kunyumba kwa msungichuma mmodzi, tsiku lina mudzamva kuti wapita ku Joni. Akaunti ya gulu yosainira anthu atatu ndiyo yabwinoko. Koma chachikulu ndi tsiku logawana. Magulu ambiri amagawana mu Disembala, pamene Khirisimasi, feteleza wobereketsa ndi fizi ya Januwale zonse zikuyang'ana ndalama imodzi. Palibe lamulo loti banki m'khonde izitsekera mu Disembala. Gulu la makolo likhoza kuyamba mu Seputembala n'kugawana pakati pa Ogasiti, ndipo kusintha kumeneku kokha kumachotsa theka la mutu.

Kwa amene ali pa malipiro a pamwezi, monga aphunzitsi, anamwino, apolisi ndi a ku Capital Hill, SACCO, bungwe limene mamembala ake amasungako ndi kukongolako ndalama, ndiyo ndingaike patsogolo ngati kukongola kwavuta kupewa. Ma SACCO olembetsedwa amayang'aniridwa ndi Reserve Bank, ndipo ambiri ali pansi pa MUSCCO, mgwirizano wa ma SACCO m'dziko muno. Ngongole imatengera masheya amene mwasunga, ndipo nthawi zambiri amafuna mamembala anzanu okuimirani. Simungalowe lero n'kukongola mawa, ndiye amene akuganiza za Seputembala alowe chaka chikungoyamba.

Funso limodzi musaliiwale pa kauntala: chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa ndalama yonse imene munatenga, kapena pa yotsala? Tiyerekeze ndi 3 peresenti pa mwezi, K300,000, miyezi inayi. Pa yotsala mudzalipira K9,000, K6,750, K4,500 ndi K2,250, zonse pamodzi K22,500. Pa ndalama yonse ndi K9,000 kanayi, K36,000. Peresenti ndi yomweyo, mtengo ndi wosiyana. Funsaninso za ndalama yokonzera mafomu ndi inshuwalansi, chifukwa ena amadula musanalandire, n'kupezeka fizi yaperewera.

Msampha wa SACCO, ngakhalenso wa ngongole ya kubanki, ndi kutalika kwa nthawi yobweza. Miyezi khumi ndi iwiri imaoneka yopepuka chifukwa chodulidwa pamwezi n'chochepa. Koma teremu ndi miyezi inayi. Mukabwereza mu Januwale ndi mu Epulo, pofika Meyi akukudulani ngongole zitatu nthawi imodzi, ndipo lendi yayamba kukanika. Ngongole ya fizi izitha teremu ina isanatsegulire. Ngati siingathe m'miyezi inayi, ndiye kuti sukuluyo yakulira thumba lanu, ndipo ndi bwino kusamutsa mwana kumapeto kwa chaka kusiyana n'kuti amuthamangitse pakati pa Folomu 4, mayeso a MANEB atayandikira.

Za katapila palibe zambiri zokamba. Theka pamwamba pa mwezi umodzi si chachilendo: K300,000 imakhala K450,000 pakutha pa mwezi, ndipo khadi ya ATM ili m'thumba mwa mwini ndalama. Amatapa yekha tsiku la malipiro, inu n'kubwereranso kwa iye pa 5. Tingongole ta pafoni nato n'tochepa komanso tobweza msanga, tingathandize makope basi.

Ena amasunga fizi mu chimanga. Amagula mu Meyi kapena Juni ku Mitundu kapena ku Nsundwe mitengo ili pansi, n'kugulitsa mu Januwale ndi Febuluwale. Zimayenda ngati chimangacho chauma bwino, chimene chimalira "khwa" mukachiluma, ndipo mwachiika m'matumba a PICS (aja osalowa mpweya) osabooka, pamwamba pa matabwa, osakhudza khoma. Chonyowa chimachita nkhungu, ndipo thumba lobooka ndi phwando la anankafumbwe. Dziwaninso kuti mtengo sukwera chimodzimodzi chaka chilichonse, ndipo thumba limene lili m'nyumba ya ana asanu limatha kulowa kuchigayo lisanafike pamsika. Njirayi imathandiza Januwale ndi Epulo. Pa Seputembala mtengo umakhala usanakwere kwenikweni.

Yotsika mtengo kuposa zonsezi ndi imene makolo amachita nayo manyazi: kukaonana ndi ahedi kapena a ofesi ya ndalama sukulu isanatsegulire. Sukulu zambiri za pulayiveti zimalola kulipira pang'onopang'ono, mwina theka potsegulira, lotsala kumapeto kwa miyezi iwiri yotsatira, popanda chiwongoladzanja. Pitani sabata imodzi isanatsegulire, muli ndi gawo loyamba m'manja, mutchule masiku enieni amene mudzamalize. Zimene mwagwirizana zilembedwe ndi kudindidwa, ndipo mwana akhale ndi kope lake m'chikwama, chifukwa amene amaitana maina a osalipira pa asembule nthawi zambiri si amene munakambirana naye mu ofesi.