Miyezi 8 ndi pulogalamu yokumbutsa ntchito: tsiku loyambira silisuntha lokha

Uthenga wa ku banki wonena kuti adulanso ndalama za mwezi uno wandikumbutsa kuti mnzanga wina wa ku Santhe akudikirabe yankho ngati pulogalamu ya pa foni yolembamo ntchito ndi yoyenera kuilipira. Ine ndine mlembi wa kalabu ya alimi a fodya kuno ku Kasungu.

Zabwino zake sizifuna mawu ambiri. Imatsegula ngakhale kumudzi kopanda netiweki, ndipo chikumbutso sichinaphonyepo ola limene ndinatchera.

Vuto lili pa masiku. Ntchito iliyonse imakhala ndi tsiku loyambira ndi tsiku lomalizira, ndipo kwa ife, kuti mabelo akwere lole yopita ku msika wa Chinkhoma, pamafunika masiku 10 osankha fodya, kudinda ndi kusoka ziguduli. Kumayambiriro kwa Meyi mwini lole anatiuza kuti abwera pa 17 m'malo mwa pa 24. Ndinasintha tsiku lomalizira ndili pa maliro a m'bale wanga, ndikuyesa kuti loyambira libwerera lokha pa 7. Silinasunthe. Linakhalabe pa 14, moti pamene foni inkalira kuti tiyambe kusankha, tinali titatsala ndi masiku atatu basi. Tinadinda usiku ndi matochi, koma mabelo asanu anatsala, ndipo kalabu inawalipirira galimoto ina. Kulakwa kwina n'kwanga, sindikana, koma chida chimene ntchito yake ndi kuwerenga masiku chiyenera kudziwa kuti fodya sasankhidwa mofulumira chifukwa choti lole yafulumira.

Ndinawalembera eni pulogalamuyi. Anayankha mwaulemu patapita masiku anayi, kunena kuti kusunga mpata wa pakati pa masiku awiriwo kulipo, koma kwa olipira mtengo wapamwamba. Apa ndi pamene mtima wanga unatembenuka. Amalipiritsa m'madola, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dola iliyonse imamveka m'thumba.

Tsopano ndimalemba "masiku 10" pa mutu wa ntchitoyo, n'kumasintha masiku onse awiri ndekha. Masiku ena ndimaikonda ndithu, makamaka ikandikumbutsa za ngongole ya feteleza. Koma poti kuwerengako ndikuchita ndekha, mwezi wamawa ndibwerera ku yaulere, ndipo mnzanga wa ku Santheyo ayambire komweko.