Batire la deep cycle 100Ah pa kainjini ka magetsi, mmene landichitira kuno ku Senga Bay

Anzanga a mbedza amene mukufunsa za kainjini ka magetsi kaja ka trolling, koyendetsera boti pang'onopang'ono powedza, nkhani yonse yagona pa batire. Kanga ndi ka 12V, 55 lb thrust (mphamvu yake yokankhira boti), ndimakakonda coz sikasokosa, ndimafika mpaka pafupi ndi miyala ya ku Namalenje nsomba osabalalika. Poyamba ndinamangirira batire la galimoto, miyezi itatu sinakwane linali litafooka kale. La galimoto analipangira kulizira injini kamphindi kochepa basi, ma plate ake ndi opyapyala, ukamalimaliza moto daily limafa msanga.

Ndiye ndinagula batire la AGM deep cycle (lopangidwira kupereka moto pang'onopang'ono kwa nthawi yaitali) la 100Ah pa shopu ina ya zasola pa Kamuzu Road, pano latha chaka ndi miyezi ingapo likadali ndi mphamvu. Ndi lomata, sufunika kuthira madzi ndipo boti likamaponyedwa ndi mafunde asidi satayika, zimenezo ndakhutira nazo kwambiri. Kulemera kokha ndiye eeh, pafupifupi 30 kg, kulinyamula kuchoka padoko kukafika kunyumba ndi ntchito ndithu, ndipo zogwirira zake ndi tizingwe tosalimba, kamodzi kanaduka sabata yoyamba.

Koma abale musanamizike ndi 100Ah yalembedwayo, imene ndi muyeso wa moto umene batire limasunga. Kainjini kotere ukakatsegula mpaka speed 5 kamakoka ma amp pafupifupi 50, ndipo batire la mtundu uwu silifuna kutsika kupitirira theka, ndiye kuti full speed uli ndi ola limodzi lokha basi. Ine ndimayenda pa 2 kapena 3, ndimatha maola atatu bwinobwino. Ndinagulanso ka voltmeter kotchipa, batire likakhala lodzadza litapuma limawerenga 12.7, likafika 12.2 ndimazimitsa nkugwira nkhafi ngakhale mcheni ukudya bwanji. Muziyeza injini itazima kwa kanthawi, ikamayenda nambala imaoneka yotsika.

Chimene chimapha mabatire ambiri kuno ndi kugoneka osatchaja. Munthu wabwera kunyanja watopa, akuti ndiona mawa, mawa magetsi azima, batire lakhala masiku atatu lopanda moto ndipo ma plate ayamba kugwira zoyerayera zimene zikakhalitsa sizichokanso. Langa ndimatchaja tsiku lomwelo. Apa pokha ashopu aja sanandithandize bwino, anandigulitsa katchaja kakang'ono kamene kamatha usiku wonse osadzadza, mpaka ndinapeza tchaja ya 10A yozimitsa yokha yokhala ndi setting ya AGM. Magetsi akavuta ndimalumikiza ku sola ya 150W kudzera pa controller (kachipangizo kowongolera moto wolowa m'batire), osalumikiza direct chonde, mudzaliwotcha.

Nthawi ya mwera, June July uko, musalimbane ndi mphepo ndi kainjini aka, moto umatha mukuona. Ndimatuluka m'mamawa kusanachite mafunde. Muzionanso propela, twaini ndi zidutswa za ukonde zimakulungana kuseri kwake injini nkumalemedwa inu osadziwa, ine ndimamasula sabata iliyonse. Mitu ya batire ndimapukuta nkupaka Vaseline, ndipo m'boti limakhala m'bokosi pansi pa thabwa, dzuwa la ku Salima la October limakalambitsa batire msanga.

A usipa ena andifunsa ngati lingayatsenso mababu usiku, lingathe ndithu koma musaphatikize ndi injini pa batire limodzi. Likadzatha ili ndidzagulanso lomweli, pokhapokha ndalama ya batire la lithium itapezeka, chifukwa lija ndi lopepuka ndipo limalola kutsika kwambiri.