Miyezi 8 ndi mamodelo a AI: majekete ayenda, chitenje chakana

Ndinayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu ya AI (nzeru za makompyuta) yopanga zithunzi za anthu ovala zovala zogulitsa mu Meyi, chisanu cha Mzuzu chitangoyamba kuluma. Ndimagulitsa majekete ndi majuzi a kaunjika, komanso madiresi osokedwa ndi zitenje zomwe ndimaoda ku msika wa Taifa. Kale mwana wa achemwali anga ndiye ankavala zovala ine n'kumamujambula, koma atapita kusukulu ndinatsala ndi hang'ala ndi khoma. Pulogalamuyi umangojambula chovala chitayalidwa, n'kusankha maonekedwe a munthu, kenako imakupatsa chithunzi cha mtsikana amene kulibe, atavala katundu wako.

Pa majekete sindidandaula. Lakuda lina linakhala milungu itatu osafunsidwa ngakhale mtengo, koma nditaliika pa status ya WhatsApp litavalidwa ndi mtsikana wa AI, linapita madzulo omwewo. Juni ndi Julayi ndinagulitsa bwino ndithu.

Vuto ndi chitenje. Pulogalamuyi siyimata chithunzi chako pathupi la munthuyo, imajambulanso chovala chonse mongoyerekeza. Diresi lina linali ndi maluwa achikasu, lililonse kukula ngati chikhatho. Pachithunzi maluwawo anachepa, anachuluka, ndipo mzere wobiriwira wa m'mphepete unasowa. Ine ndi changu changa sindinayang'anitsitse. Mayi wina wa ku Chibavi analipira pa Mpamba, ndinatumiza diresi pa kabaza, ola lisanathe foni inalira: "Asisi, si ili ndinaona ayi." Ndinabweza ndalama, ya kabaza n'kulowa m'madzi. Munthu wogula chitenje amagula maluwa, ndiye ukamusinthira duwa wamusinthira katundu.

Chinanso, mamodelowa chilichonse chimawakhala. Siketi yothina m'chiuno, iwo imawakwana ngati telala anawayeza. Makasitomala anga ambiri ndi azimayi a thupi, ndipo ukapempha pulogalamuyi kuti ikupatse munthu wonenepa, wakuda ngati ife, umayesa kangapo isanamve. Bandulo ikutha pamenepo. Zithunzi za modelo wa zala zisanu ndi chimodzi kudzanja limodzi ndinaziona kawiri kokha, ndinangoseka.

Malipiro a pulogalamuyi ndi a madola, pa khadi. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cha madola chimawawa, ndipo ine amandilipirira ndi achimwene omwe ali ku Johannesburg. Popanda iwo ndikanasiya kale.

Pano ndimaigwiritsa ntchito pa zovala zopanda maluwa zokha, majekete, majuzi ndi mathalauza. Pansi ndimalemba kuti wovalayo ndi wa AI, ndipo chithunzi chachiwiri chimakhala chenicheni, chovala chili pa hang'ala, zipi ndi mabatani zikuoneka. Madiresi a chitenje amavala ndi mtsikana wa pafupi ndi kwathu ku Katoto, Loweruka m'mawa dzuwa lisanakwere. Malipiro ake ndi ya sopo, ndipo mwezi ukatha amasankha chitenje chimodzi.